NCIFUKWA NINJI AWIRI ATHAMANGA MTUNDA UMODZI KOMA MATUPI AO ASIYANA?

Munthu amene afika m'Lusaka mbandakuca kucokera ku Chipata kapena ku Petauke, polowa mumzinda ndi mseu wa Great East amaona cinthu cimene kumudzi sicioneka. Amuna ndi akazi, ena a mimba zazikulu, ali kuthamanga m'mbali mwa mseu popanda cowapirikitsa. Ambiri mwa iwo acokera ku Kalingalinga ndi ku Mtendere, pamene a ku Matero amalowera ca ku bwalo la Heroes. Kuseri kwa nyumba zina ku Kanyama ndi ku Chawama anyamata adzipangira okha zonyamula: simenti youmira m'zitini ziwiri za penti, zolumikizidwa ndi citsulo pakati.

Mlimi amene amagwira khasu kufikira dzuwa lili paliwombo angaseke poona munthu alikutaya mphamvu conco pacabe. Koma anthu awa ali ndi cifukwa. M'caka ca 2017 Unduna wa Zaumoyo, mothandizana ndi Bungwe Loona Zaumoyo Padziko Lonse, unapima anthu a zaka 18 kufikira 69 m'zigawo zonse za dziko lino. Anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anai ali wonenepa kupitirira muyeso, ndipo pafupifupi mmodzi mwa asanu ali ndi bvuto la kuthamanga kwa magazi. Kunenepako kunapezeka kwambiri m'matauni ndi pakati pa azimai. Othamangawo tsono ndi ana anu omwe, amene anasiya khasu ndi mtondo kumudzi, nayamba kukhala tsiku lonse pampando wa minibasi, pa kantemba kapena pamsika.

Dandaulo lao limamveka m'komboni iriyonse. Anansi awiri ayamba tsiku limodzi, athamanga mseu umodzi, koma pakutha pa miyezi itatu wina buluku layamba kugwa, mnzace ali monga analiri. Wotsalirayo amagwa mphwayi. Amati ndi magazi a kwao, make mbuu mwana mbuu, kapena ayamba kuganizira mnzaceyo kuti ali ndi mankhwala amene abisa, ndipo ndarama zace zithera pa tiyi wocepetsa thupi. Pa za magaziwo sanalakwe kotheratu. Analakwa pamene analeka.

Za cibadwa

Zimene makolo amati magazi a pamtundu, akatswiri amazicha majini. Awerengi asasokoneze ndi majini a mizimu aja: awa ndi timalangizo tosaoneka ndi maso timene mwana amalandira, theka kwa atate theka kwa amai, ndipo ndito timalamula m'mene thupi lidzamangidwira. Mapasa ofanana ndendende ali ndi majini amodzi, ncifukwa cace ofufuza amawakonda.

M'caka ca 1990 Claude Bouchard ndi anzace a pa Yunivesite ya Laval ku Canada anafalitsa zimene anapeza pa mapasa otere, anyamata 24. Kwa masiku 100 anawasunga pamalo amodzi, nawapatsa cakudya coonjezera cofanana, makalori 1,000 patsiku, masiku asanu ndi limodzi pa sabata. Kalori ndi muyeso wa mphamvu ya m'cakudya, ndipo 1,000 tingayerekeze ndi mbale ina yaikulu ya nsima ndi ndiwo zace pamwamba pa zimene munthu wadya kale. Onse ananenepa, koma wina anaonjeza makilogalamu 4 okha pamene wina anafika 13. Codabwitsa cinali cakuti mapasa a mimba imodzi anafanana kwambiri kanenepedwe kao, makamaka pa mafuta a m'mimba.

Pambuyo pace anatembenuza mayesowo. Mapasa ena 14 anapalasa njinga yosayenda kawiri patsiku kwa masiku 93, cakudya cao cosasintha. Wina anataya kilogalamu imodzi cabe, wina 8, ndipo apanso m'bale anatsata m'bale wace. Pa minofu nkhani ndi yomweyo. M'zofalitsidwa mu 2005, anthu 585 ananyamula zitsulo ndi mkono umodzi kwa masabata 12. Ena katumba anakula kuposa theka la ukulu wace woyamba, ena sanasinthe konse m'maonekedwe, ngakhale ambiri a iwo mphamvu zinaonjezeka.

Mlimi sadzadabwa nazo izi. Ng'ombe ziwiri za khola limodzi zidya dambo limodzi, ina inona ina iri gwa. Koma mlimi yemweyo adziwanso kuti ng'ombe ya mtundu wabwino ikasowa msipu imaonda, ndipo yacabecabe ikasamalidwa imakoka pulawo. M'mayeso a mapasa aja palibe amene anadya moonjeza osanenepa, ndiponso palibe amene anapalasa osataya kanthu. Cibadwa cinangolamula kuculuka kwace ndi msanga wace. Ofufuza ena anaonanso kuti anthu amene poyamba aoneka ngati masewera sawathandiza, akaonjeza masiku ndi nthawi, matupi ao amayamba kubvomera.

Cibadwa cimasankhanso pamene mafuta akhale ndi pamene ayambire kucoka. Ambiri mwa azibambo amasunga pamimba, azimai ambiri m'ciuno ndi m'nchafu. Mnyamata amene agona cagada ndi kudzuka kambirimbiri kuti aphwetse mimba alikulimbitsa minofu ya pansi pa mafutawo, koma mafuta enieniwo thupi limatapa ponseponse monga mwa dongosolo lace. Mwamwai, mafuta oopsa koposa, aja a m'kati ozinga matumbo ndi ciwindi amene amayenda pamodzi ndi matenda a shuga, ndiwo amene amamvera msanga munthu akayamba kuyenda ndi kuthamanga, ngakhale sikelo isanasunthe.

Pali cina cimene anthu amaciyesa magazi a pamtundu pamene siciri. Kafukufuku wa Boma wa 2018 anaonetsa kuti ana 35 pa 100 alionse osafika zaka zisanu m'Zambia anali opinimbira. Madokotala adziwa tsopano kuti mwana amene anasowa cakudya cokwanira ali m'mimba ndi pa ukhanda amakula ndi minofu yocepa, ndipo akadzapeza cakudya cambiri ca mafuta ndi shuga atakula, thupi lace limafulumira kusunga mafuta pamimba. Mwana wa caka ca njala wa ku Katete amene lero agulitsa pa msika wa Soweto angakhale ali paciopsezo coposa mnzace wobadwira m'tauni. Nkhani ya mimba za m'Lusaka imayambira pa phala la mwana kumudzi.

Nkhuku ndi nkhunda

Mai aliyense amene anasosola nkhuku adziwa kuti nyama ya pacidale ndi yoyera, ya m'miyendo ndi yofiirira. Nkhuku imayenda tsiku lonse osatopa, koma kuuluka imangoti phaa kamodzi nkutera. Nkhunda, imene imauluka mtunda wautali, cidale cace ncofiira. Minofu ya munthu ili ndi mitundu iwiri yomweyi yosanganikirana. Yofiira imagwira nchito pang'onopang'ono, imagwiritsa mpweya wambiri, sitopa msanga ndipo sikula kwenikweni. Yoyera ndi yaukali ndi yamsanga, imatopa m'kanthawi, ndipo ndiyo imatukumuka munthu akamanyamula zolemera. Ena amabadwa ndi yofiira yambiri, ena yoyera.

Zambia wakhala ndi mwai pa liwiro la mamita 400, limene limafuna minofu yaukali. Samuel Matete anatenga golide wa dziko lonse ku Tokyo mu 1991 pa liwiro lolumpha zochinga, natenganso siliva pa Olympics ku Atlanta mu 1996. Muzala Samukonga anatenga golide wa Commonwealth ku Birmingham mu 2022 ndi mendulo ya malo acitatu ku Paris mu 2024, atathamanga masekondi 43.74. Ikani anthu otere pambali pa othamanga mitunda yaitali a ku Kenya, oonda ngati bango, ndipo mudzamva anthu akuti liwiro lalifupi limamanga thupi, lalitali limadya minofu. Apa pali kusokoneza. Anthu amenewa anasankha masewera amene anayenera matupi ao obadwa nao. Munthu wamba sadzasanduka Matete cifukwa cothamanga monga Matete, ndipo sadzauma ngati bango cifukwa cothamanga makilomita asanu katatu pa sabata.

Nanga tsono kathamangidwe kabwino ndi kati? Pali kuthamanga kapena kuyenda ndawala mosalekeza kwa mphindi 40 kapena ora, pa liwiro lakuti munthu angathe kulankhula ndi mnzace. Palinso kuthamanga mwaukali kwa mphindi imodzi, kupuma, ndi kubwerezanso kangapo. Anyamata amakangana kwambiri pa ziwirizi, koma ofufuza atasonkhanitsa mayeso ambiri anapeza kuti pa kucotsa mafuta sizisiyana kwenikweni. Kwaukali kumapulumutsa nthawi, kwapang'onopang'ono kumasunga maondo ndipo munthu wonenepa kapena wacikulire angakupirire miyezi yambiri. Kwa ine kumene munthu sadzakuleka mvula ikayamba ndi miseu ya ku Kanyama ikadzala madzi, ndiko kwabwino.

Kusiyana kwakukulu kuli pakati pa kuthamanga ndi kunyamula. Pa Yunivesite ya Duke ku America, m'zofalitsidwa mu 2012, anthu onenepa 119 anagawidwa patatu kwa miyezi isanu ndi itatu. Othamanga okha anataya mafuta koma minofu sinaonjezeke. Onyamula zitsulo okha anaonjeza minofu koma mafuta anatsala pafupifupi onse. Ocita zonse ziwiri anapeza zonse ziwiri, ngakhale anataya nthawi yowirikiza. Izi nzofunika cifukwa munthu amene aonda mwa kudzimana cakudya cabe samataya mafuta okha. Gawo lina la cimene cacoka pasikelo ndi mnofu, ndipo mnofu ndiwo umene umamwa shuga wa m'magazi ndi kumuimiritsa munthu paukalamba.

Anyamata a zitini za simenti amaopa kuthamanga, ati kudzawaphwetsa zifuwa. Mantha awa ali ndi gwero. Mu 1980 Robert Hickson anaonetsa kuti anthu amene ananyamula zolemera masiku asanu pa sabata, nathamanganso ndi kupalasa mwamphamvu masiku asanu ndi limodzi, mphamvu za miyendo yao zinaleka kukwera patapita masabata ngati asanu ndi awiri. Koma imeneyo inali nchito ya kalavulagaga imene wa m'komboni sacita. Kuthamanga kawiri kapena katatu pa sabata, tsiku losiyana ndi lonyamula, sikulanda munthu mnofu ngati alikudya mokwanira.

Ankhonya ndiwo mboni. Esther Phiri, amene anayambira nkhonya ku Mtendere naphunzitsidwa ndi malemu Anthony Mwamba, ndi Catherine Phiri amene anatenga lamba wa WBC ku Mexico mu 2016, anacita masewera amene salola kusankha cimodzi. Wankhonya amathamanga mseu m'mawa kuti mpweya umufikitse kumapeto a nkhondo, masana amenya thumba mwaukali ndi kulimbitsa manja ndi msana, ndipo pa tsiku lopima ayenera kukwana pa sikelo wopanda mafuta koma mphamvu ziri zonse.

Mbale ndi maso a anthu

Cimene cimagwetsa ambiri si mseu koma mbale. Munthu wa makilogalamu 70 akathamanga makilomita asanu amatentha makalori ngati 350. Botolo limodzi la cakumwa cotsekemera ndi zitumbuwa ziwiri pobwerera kunyumba zabweza zonsezo, ndipo za mowa wa Loweruka ndi nyama yoocha sitinena. Nsima si mdani, koma mitanda imene inayenera munthu wolima ekala siyenera munthu wokhala pa kauntala. Cofunika ndi kucepetsa mitanda, shuga wa m'tiyi ndi mafuta ophikira, ndi kusunga ndiwo zomanga thupi: kapenta, nyemba, nsawawa, mazira, soya, ndi masamba ambiri. Zitini za ufa womanga minofu zimene zigulitsidwa m'masitolo a m'tauni sizicita cimene kapenta ndi nyemba sizingacite.

Copinga cina ciri kwa inu a kumudzi. Kuyambira zaka zija za m'ma 1980 ndi 1990, pamene kaliondeonde anatha anthu, kuonda kunasanduka cinthu camanyazi. Mwana wamkazi akabwera kudzaceza atacepa thupi, azakhali amayamba kunong'ona kuti mwamuna samudyetsa kapena wadwala, ndipo akabwera atadzaza citenje amati ukwati wamuyanja. Azimai ena amaleka masewera cifukwa ca mau otere, ena amafika pomwa mapiritsi onenepetsa osalembedwa ndi dokotala. Kuonda kumene kuyenera kudetsa nkhawa ndi kuja kobwera kokha munthu osakufuna, makamaka pamodzi ndi cifuwa cosatha, thukuta la usiku kapena ludzu losaleka. Kumeneko nkwa kucipatala msanga.

Bungwe Loona Zaumoyo Padziko Lonse limalangiza munthu wamkulu mphindi 150 kufikira 300 pa sabata za kuyenda ndawala, kupalasa njinga kapena nchito yotulutsa thukuta, ndi masiku awiri a zolimbitsa minofu. Wokankha wilibala ku Soweto ndi mai wosenza madzi akwanitsa kale zambiri mwa izi. Amene wapitirira zaka 40, kapena amene kwao kuli shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ayambe wapimitsa pa cipatala ca Kanyama, Matero kapena Chawama, kapena pa kiliniki ya Kalingalinga, Mtendere kapena George, asanayambe liwiro laukali.

Sikelo imanama, cifukwa siisiyanitsa mnofu ndi mafuta. Pali muyeso wina wosafuna ndarama, umene ungacitike ku George ngakhale ku Chadiza. Dulani cingwe cofanana ndi msinkhu wanu kucokera kumutu kufikira kuphazi, mucipinde pakati, ndipo mucizunguze pamimba pamwamba pang'ono pa mcombo, osakoka mpweya. Nsonga zace zikakumana, mafuta a m'mimba sanapitirire. Zikalephera kukumana, sungani cingweco pamsomali ndi kuyesanso pakapita miyezi itatu.