MAPHUNZIRO OCHINGA MATENDA ASANAFIKE PAMUDZI

LUNDAZI: Makolo ambiri m'midzi ya Mfumu Mwase, Mphamba ndi Kapichila akamva kuti mwana afuna nchito ya zaumoyo, maganizo ao amathamangira ku udokotala kapena unamwino. Koma ilipo nthambi ina imene sichulidwa kawirikawiri, ndiyo maphunziro a umoyo wa anthu onse. Dokotala amayembekeza wodwala kucipatala. Wophunzira nthambi iyi amalondola matenda kumene acokera: pacitsime, pacimbudzi, pamsika, ngakhale kudambo.

Anthu a kucigwa ca Luangwa adziwa kulemera kwace kwa nchitoyi. M'caka ca 2011, mvuu zambiri zinafa mumtsinje ku Chama, kumpoto kwa Lundazi. Popeza cakudya cinali cosowa, anthu anasenda nadya nyamayo. Oposa 500 anadwala matenda a anthrax, ndipo asanu anamwalira. Mankhwala anaciritsa odwala, inde, koma panafunikanso anthu oyenda khomo ndi khomo kufunsa kuti ndani anadya, ndani anasenda, ndani ananyamula nyama, kufikira gwero la mliriwo litadziwika bwino. Kufunsa kotere, kuwerenga odwala ndi kulemba malo amene akhala, ndiwo mtima wa maphunzirowa.

Lundazi anaonanso zipatso zace m'caka ca 2012, pamene anasankhidwa pamodzi ndi Nyimba, Mansa ndi Kalomo kuyamba nchito yocepetsa imfa za amai pobereka. Mbali yaikuru inacitikira m'midzi momwemo, kulimbikitsa amai apakati kupita kucipatala nthawi isanathe, ndi kufufuza cifukwa ca imfa ya mai aliyense.

Nanga mwana aphunzire kuti? Yunivesite ya Zambia iri ndi sukulu yace ya umoyo wa anthu onse ku Ridgeway mu Lusaka. Yunivesite ya Levy Mwanawasa, imene inalowetsa m'kati mwace koleji yakale ya Chainama, iphunzitsanso, cimodzimodzi koleji ya Evelyn Hone kwa ofuna dipuloma ya ukhondo. Cofunika poyamba ndi kukhoza bwino Giredi 12, makamaka Cingerezi, masamu ndi sayansi. Apa ndi pamene ana ambiri a kumudzi amagwera, osati cifukwa cosowa nzeru, koma cifukwa amayamba kusamala masamu mayeso atayandikira kale.

Wotsiriza maphunziro angakhale woyang'anira ukhondo pa kacipatala ka kumudzi, kumene amapima madzi a m'zitsime, kuona nyama isanagulitsidwe ndi kutsogolera opopera nyumba mankhwala a udzudzu. Ena amagwira ku khonsolo, ena ku ofesi ya zaumoyo ya boma, ena ku bungwe la Zambia National Public Health Institute limene limazonda miliri m'dziko lonse. Mliri wa kolera umene unayamba mu October 2023 ndi kupha anthu oposa 700 unasonyeza kuti anthu otere sanakwanebe.

Tisabise: pepala la digiri silitsegula khomo tsiku lomwelo. Ngakhale Boma linalemba anchito a zaumoyo oposa 11,000 m'caka ca 2022, ambiri anali atakhala zaka akuyembekeza. Komabe mwana wa kuno ali ndi cimene mlendo alibe. Amalankhula Citumbuka ndi Cicewa, adziwa kagwadidwe ka pamaso pa mfumu, ndipo akanena kuti citsime citsekedwe, a nyakwawa amamva mau a mwana wao.