Mtovu Wobisala M'miphika ndi M'zitsulo Zina Zapakhomo

Mtovu ndi chitsulo chofewa, cholemera komanso chotuwa, chimene asayansi amachilemba ndi chizindikiro cha Pb. Umasungunuka pa madigiri 327 okha, pamene aluminiyamu amafuna madigiri 660. Chifukwa chosachedwa kusungunuka ndiponso kusachita dzimbiri msanga, anthu akhala akuugwiritsa ntchito kuyambira kale. Masiku ano mtovu wambiri umapita kopangira mabatire a galimoto ndi a sola. Wina umapezeka m'chitsulo chowotcherera mawaya a wailesi, komanso m'mipopi ina ya bulasi.

Vuto limakula mtovu ukalowa m'ziwiya zophikira. Amisiri ena amaumba miphika posungunula zitsulo zotha ntchito, monga zipangizo za injini ndi maradiyeta, ndipo mtovu uliwonse umene unali m'zitsulozo umalowa nawo mumphika. Popeza susakanikirana bwino ndi aluminiyamu, umatsala ngati timadontho tosaoneka ndi maso. Chakudya chowawasa, monga ndiwo za tomato, chidede kapena bwemba, chili ndi asidi amene amasungunula timadonthoti n'kutilowetsa m'chakudya. Kutentha ndi kukhalitsa kwa chakudya mumphika kumawonjezera mtovuwo. Kafukufuku wa ku Cameroon, amene anatuluka mu 2014, anapeza kuti miphika yotereyi inkatulutsa mtovu akawiritsiramo viniga wothira madzi.

Mtovu ukasungunuka umafanana ndi kashiyamu, moti thupi limaulandira n'kuusunga m'mafupa ndi m'mano kwa zaka zambiri. Mayi akakhala woyembekezera, mafupa ake amatulutsa kashiyamu womangira thupi la mwana, ndipo mtovu umatuluka nawo n'kufika kwa mwanayo. Bungwe la WHO limanena kuti thupi la mwana wamng'ono limayamwa mtovu wochuluka kanayi kapena kasanu kuposa la munthu wamkulu, ndiponso kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene ukudziwika kuti ndi wosavulaza. Mwana woperewera ayironi kapena kashiyamu ndiye amayamwa wambiri.

Ana ambiri okhudzidwa saoneka kuti akudwala. Ena amachepa magazi, amamva m'mimba kupweteka, amadzimbidwa kapena amachedwa kulankhula, ndipo ubongo ukawonongeka suchira. Lipoti la UNICEF ndi Pure Earth la mu 2020 linati ana pafupifupi 800 miliyoni, kapena kuti mwana mmodzi mwa atatu alionse padziko lapansi, ali ndi mtovu wofika kapena wopitirira mamaikulogalamu 5 pa desilita imodzi ya magazi. Malangizo a WHO a mu 2021 amati munthu akapezeka ndi mlingo umenewu, gwero la mtovuwo lifufuzidwe n'kuchotsedwa.

Apa ndi pamene mlangizi wa zaumoyo kapena wodzipereka wa m'mudzi ali ndi gawo lalikulu. Akafika pakhomo pa mwana wochepa magazi kapena wochedwa kukula, afunse kumene mphika unagulidwa, komanso ngati pali amene amaswa mabatire kapena kusungunula zitsulo pafupi. Alangize banjalo kusaphikira kapena kugoneka chakudya chowawasa mumphika wa zitsulo zotha ntchito, ndiponso kusakwecha mphikawo ndi mchenga. Amene amagwira ntchito za mabatire azisamba ndi kusintha zovala asananyamule mwana. Banja lidziwenso kuti kuwiritsa madzi kumapha tizilombo koma sikuchotsa mtovu. Mwana amene akukayikiridwa atumizidwe kuchipatala, chifukwa kuyeza magazi n'kumene kumatsimikizira.