Duwa lokongola lomwe likulanda mapiri ku Australia

Tikamakamba za kusamala chilengedwe, ambiri timangoganiza za kudula mitengo ndi kutentha tchire. Koma pali vuto lina lomwe limabwera mwakachetechete: zomera zachilendo zimene zimalanda malo a zomera zachilengedwe za m'deralo. Tiyeni tione zimene zachitika ku Australia.

M'chigawo cha New South Wales muli malo otetezedwa a Kosciuszko, momwe muli phiri lotalika mamita 2,228. M'madambo a m'mapiri amenewa mwafalikira duwa lotchedwa ox-eye daisy, lomwe akatswiri amati Leucanthemum vulgare. Ndi loyera m'mbali, lachikasu pakati. Kwawo ndi ku Ulaya, ndipo anthu ankalitenga kupita nalo m'maiko ena kuti likongoletse pakhomo.

Kodi duwa lingalakwe chiyani?

Kwawo ku Ulaya kuli tizilombo tomwe timalidya, choncho silichulukitsa. Ku Australia linapeza malo opanda adani akewo. Tsinde limodzi lokula bwino lingathe kubala njere zokwana 26,000, ndipo njerezo zimatha kukhala m'nthaka zaka zambiri zisanafe. Komanso limayanga pansi ndi mizu, kotero kuti mukalizula n'kusiya kachidutswa, limaphukanso. Ng'ombe sizilikonda, zimangolilambalala n'kudya udzu wozungulira. Likamera mothithikana, udzu ndi maluwa a m'mapirimo, ena mwa iwo osapezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi, amasowa pomera.

Chomwe chinalitsegulira njira kwambiri ndi moto. Moto woopsa unapsereza mbali ina ya Kosciuszko, nthaka n'kukhala pambalambanda. M'zaka zotsatira duwali linadzaza madambo a ku Tantangara. Apa tikuona kuti moto wolusa suwononga tsiku limodzi lokha ayi, umasiyira mlendo malo.

Ife kuno sitingadabwe nazo kwenikweni. Namasupuni amene amatseka mtsinje wa Shire anachokera ku South America, ndipo nayenso maluwa ake ndi osiririka.

Nanga limayenda bwanji?

Njere zake zimakanirira m'matope a pa matayala a galimoto, pa nsapato, ndi pa ziboda za akavalo ndi nyama zina. Munthu angathe kuzipititsa kutali iye osadziwa. Choipa china n'chakuti mlendo akaona dambo loyera ndi maluwa amangoti n'zachilengedwe, mwinanso kuthyolako.

Oyang'anira malowa amapopera mankhwala, ndipo ntchitoyi imabwerezedwa chaka ndi chaka chifukwa cha njere zotsala m'nthaka zija. Akatswiri afufuzanso kagulugufe ka ku Ulaya komwe mbozi zake zimadya mizu ya duwali. Koma gawo la munthu wamba ndi losafuna ndalama. Alendo amapemphedwa kuyenda m'njira zovomerezeka, kusathyola duwali, ndi kutsuka nsapato ndi matayala asanachoke pa malo pamene lamera kupita ku dambo lina.