Tchuthi cha Epulo ku Washington: Mafunso ndi Mayankho

Kodi tchuthi chimene Aamerika amachitcha spring break n'chiyani, ndipo chimagwa liti?

Ndi sabata imodzi imene sukulu zimatseka chisanu chikangotha, m'mwezi wa Malichi kapena wa Epulo, mitengo itayamba kuphukira. Tsiku lotsekera si limodzi m'dziko lonse, chifukwa dera lililonse limayendetsa lokha sukulu zake. Mumzinda wa Washington sukulu za boma kawirikawiri zimatseka chapakati pa Epulo, pamene za ku Virginia ndi ku Maryland, zomwe zangoyandikana ndi mzindawu, zambiri zimatsata sabata ya Pasaka. Mayi wophunzitsa ku Virginia amene ana ake amaphunzira mumzinda akhoza kupuma sabata yake, ana nawo yawo.

Timamva kuti ndi nthawi ya mowa ndi chipwirikiti kunyanja. N'zoona?

Zimenezo n'za ophunzira a m'mayunivesite. Zinayambira ku Fort Lauderdale, ku Florida, m'zaka za m'ma 1930, pamene magulu a osambira a m'makoleji a kumpoto ankathawira kumeneko kukakonzekera mipikisano m'madzi ofunda. Kanema wa mu 1960 wotchedwa Where the Boys Are anautchukitsa mzindawo, ndipo pofika mu 1985 akuluakulu a mzinda anali atatopa ndi khamu la ophunzirawo n'kuyamba kukhwimitsa malamulo. Koma mwana wa sitandade 3 wokhala m'nyumba yosanjikizana ku Washington alibe nazo ntchito zimenezi. Iye tchuthi chake chimathera m'makwalala a kwawo komweko.

Nanga banja la m'tauni limavutika ndi chiyani sabata imeneyi?

Sukulu yatseka koma ntchito sinatseke. Ku America kulibe lamulo la dziko lonse lokakamiza bwana kupereka tchuthi cholipidwa, ndiye namwino, woyendetsa basi ndi wophika m'lesitilanti amadzuka m'mamawa monga mwa masiku onse. Kwathu mwana akatsekera timamukweza basi kupita kwa agogo ake kumudzi. Kuno agogo ambiri ali kutali, ndipo wolera ana amalipidwa pa ola. Palinso nkhani ya chakudya. Lamulo la mzindawu la mu 2010 linati mwana aliyense wa m'sukulu za boma azilandira kadzutsa waulere, ndipo ambiri amadyanso nkhomaliro kusukulu komweko. Masiku asanu amenewa chakudya chonsecho chimabwerera pa thumba la kholo.

N'chifukwa chake nthambi ya mzinda yoona za mapaki ndi masewera imakonza timisasa ta masana m'maholo a m'madera, momwe kholo limasiya mwana m'mawa n'kudzamutenga poweruka. Malo ake ndi owerengeka, kulembetsa kumachitika pa intaneti tchuthi chisanafike, ndipo wozengereza amapeza atadzaza. Ine ndimaona kuti dera la mumzinda limadziwika ubwino wake sabata ngati imeneyi: kodi pali chiyani chaulere, ndipo mwana angafikeko wapansi?

Tiyerekeze dera limodzi. Ku Capitol Hill banja lingachite chiyani osakwera galimoto?

Capitol Hill ndi dera la nyumba zanjerwa zogundizana, kum'mawa kwa nyumba ya malamulo. Mtima wake ndi msika wa Eastern Market, womwe unamangidwa mu 1873. Unapsa mu Epulo 2007, anthu a m'deralo anaumirira kuti umangidwenso momwe unalili, ndipo unatsegulidwanso mu 2009. Lolemba sutsegula. Loweruka ndi Lamlungu malonda amasefukira panja mumsewu wa 7th Street: alimi ndi maapozi awo, ogulitsa maluwa, ojambula zithunzi, wina akuimba gitala chipewa chili pansi. Mwana amene amaganiza kuti nyama imabadwira m'pulasitiki amaona pano munthu wovala epuloni akudula nthiti ndi mpeni.

Ukatsetsereka chakumadzulo umafika ku munda wa zomera wa United States Botanic Garden, wolowa ulere, momwe muli chipinda chagalasi chotentha ndi chachinyontho, nthochi ndi koko zikumera kunja kukuzizira. Kupitirira apo ndi bwalo lalitali la National Mall, lomwe mbali zake zonse kwandanda nyumba zoonetsera zinthu za bungwe la Smithsonian. Bungweli linakhazikitsidwa mu 1846 ndi chuma chimene anasiya James Smithson, wasayansi wa ku Britain amene sanapondeko ku America, ndipo nyumba zake za ku Washington salipiritsa pakhomo. Ana ang'onoang'ono amathamangira njovu yaikulu yoimikidwa pakhomo la nyumba ya zachilengedwe, imene inaphedwa ku Angola mu 1955. Chenjezo n'lakuti nyumba ya ndege ndi zamumlengalenga komanso ya mbiri ya Aamerika akuda zimafuna tikiti ya nthawi, yaulere ndithu, koma yotengeratu pa intaneti. Sabata imeneyi mabasi a ana asukulu ochokera m'zigawo zina amakhala atadzaza mzinda, ndiye wofika chimanjamanja amabwerera pakhomo.

Kukagwa mvula, laibulale yaikulu ya Martin Luther King Jr., imene inakonzedwanso n'kutsegulidwa mu 2020, ili ndi katsetsereko m'chigawo cha ana.

Bwanji za maluwa a matcheri amene timawaona pa zithunzi?

Mitengoyo inali mphatso yochokera kwa meya wa Tokyo, Yukio Ozaki. Yoyamba, pafupifupi 2,000, inafika mu 1910 ili ndi tizilombo ndipo inatenthedwa. Mu 1912 inabwera ina 3,020, ndipo pa 27 Malichi chaka chimenecho Helen Taft, mkazi wa pulezidenti, pamodzi ndi mkazi wa kazembe wa Japan anabzala iwiri yoyamba m'mphepete mwa dziwe la Tidal Basin. Oyang'anira mapaki a boma amati maluwa afika pachimake pamene 70 mwa maluwa 100 aliwonse a mtundu wa Yoshino amasula. Tsikuli limasuntha ndi nyengo: mu 1990 linali 15 Malichi, mu 1958 linali 18 Epulo, koma nthawi zambiri limagwa kumapeto kwa Malichi kapena koyambirira kwa Epulo.

Apa pali choseketsa. Mwana wa mumzinda momwemo akamatsekera chapakati pa Epulo, maluwa otchukawo amakhala atayoyoka, timasamba take tikuyandama m'mbali mwa dziwe. Amene amawaona pa tchuthi ndi alendo. Eni mzinda amadziwa kuti mtundu wa Kwanzan, wa maluwa okhuthala ofiirira, umamasula patapita pafupifupi masabata awiri, ndipo ulipo wambiri ku East Potomac Park, kopanda chinamtindi. Kuthyola nthambi n'koletsedwa, ngakhale mwana alire bwanji. Pa chikondwerero cha maluwawa pamakhalanso tsiku la makaiti pabwalo la Washington Monument, mwambo umene anauyambitsa ndi Paul Garber wa ku Smithsonian mu 1967.

Kodi ana amaloledwadi kukasewera ku White House?

Kamodzi pa chaka, Lolemba la Pasaka. Mwana amapatsidwa supuni yaitali yamtengo n'kumakankha dzira lowiritsa lopaka utoto pa kapinga, makolo akukuwa m'mbali. Masewerawa kale ankachitikira pa chitunda cha nyumba ya malamulo, koma ana anawononga kapinga mpaka aphungu anakhazikitsa lamulo mu 1876 loletsa kusewerapo. Mu 1878 Pulezidenti Rutherford Hayes anawatsegulira mpanda wa kwake. Masiku ano matikiti amagawidwa mwa maere pa intaneti, ndipo olephera amachuluka kuposa opata.

Tsiku lomwelo kuli mwambo wina umene alendo saudziwa. Kuyambira m'zaka za m'ma 1890, mabanja a anthu akuda a mumzindawu akhala akusonkhana Lolemba la Pasaka ku National Zoo, malo osungirako nyama, atavala zovala zawo za kutchalitchi, mabasiketi a chakudya ali m'manja. Ena amati chiyambi chake n'choti antchito a m'nyumba ankagwira ntchito Lamlungu la Pasaka n'kupuma Lolemba. Ena amati tsankho linkawatsekera kunja kwa White House. Zifukwa ziwirizi sizitsutsana. Kumeneko n'kwaulerenso, ndipo kuyambira mu Januwale 2025 anthu akuonanso zimbalangondo za panda, Bao Li ndi Qing Bao, zochokera ku China.

N'chifukwa chiyani 16 Epulo ndi tsiku lapadera mumzindawu?

Pa 16 Epulo 1862 Abraham Lincoln anasaina lamulo lomasula akapolo a m'boma la Columbia, momwe muli mzinda wa Washington, anthu oposa 3,000, miyezi isanu ndi itatu asanalengeze ufulu wa akapolo a m'zigawo zimene zinaukira boma la America. Boma linalipira eni akapolo ndalama zofika madola 300 pa munthu mmodzi. Womasulidwayo sanalipidwe thukuta lake. Anangolonjezedwa ndalama zofika madola 100 ngati atavomera kuchoka m'dzikomo. Tsikuli linakhala tchuthi cha mzinda mu 2005, ndipo limabwera ndi perete ndi zoimbaimba.

Banja la ku Capitol Hill siliyenera kupita kutali kuti liphunzire zimenezi. Mu Lincoln Park, momwe ana amasewera pa makatungwe, muli chipilala cha mu 1876 chimene anasonkhera ndalama zake ndi anthu omasulidwa. Chimaonetsa Lincoln ataimirira, munthu wakuda atagwada kumapazi kwake, ndipo mpaka lero anthu amakangana ngati chiyenera kukhalapo. Moyang'anizana nacho pali chipilala cha mphunzitsi Mary McLeod Bethune cha mu 1974. Mwana wa zaka khumi akafunsa chifukwa chake bamboyo wagwada, kholo limakhala ndi phunziro la masana onse.

Ngati zambiri n'zaulere, ndiye kuti ana onse a mumzindawu amasangalala mofanana?

Ayi. Ophunzira a mumzindawu ali ndi khadi lokwerera basi ndi sitima ulere, ndipo zimathandiza. Koma mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi sapita yekha kukaona njovu. Pafunika wamkulu amene wajomba kuntchito, ndipo tsiku limenelo ndi ndalama. Kutsidya kwa mtsinje wa Anacostia, kumene kuli mabanja ambiri osauka, nkhani imeneyi ndi yaikulu. Komabe kumeneko kulinso zake: nyumba ya Frederick Douglass pa chitunda cha Cedar Hill, momwe anakhala kuyambira cha m'ma 1877 mpaka imfa yake mu 1895, ndi Anacostia Community Museum, imene Smithsonian inatsegula mu 1967 m'holo yakale ya kanema n'cholinga choti zinthu zoonetsa zipite kwa anthu m'malo modikira anthu kuti awoloke mtsinje.

Kodi mwana wamkulupo sangasiyidwe kunyumba kuti aziyang'anira ang'ono ake?

Apa makolo ochokera kwathu amene akukhala m'madera ozungulira mzindawu ayenera kusamala. Ku Maryland lamulo limaletsa kusiya mwana wosakwana zaka 8 yekha m'nyumba kapena m'galimoto, ndipo womuyang'anira ayenera kukhala wa zaka 13 kapena kuposerapo. Mu 2014 ndi 2015 makolo ena a ku Silver Spring anafufuzidwa ndi a zoteteza ana chifukwa chololeza ana awo, wina wa zaka 10 wina wa zaka 6, kuyenda okha kuchokera kupaki. Pamapeto pake sanawapeze olakwa, koma pa ulendo wachiwiri apolisi anali atawasunga anawo kwa maola angapo. N'chifukwa chake mabanja oyandikana ambiri amagawana masiku: Lolemba ana onse kwa uyu, Lachiwiri kwa winayo, kholo lililonse n'kupempha tsiku limodzi lokha kuntchito m'malo mwa asanu.