Adokotala a mawa akudzichiza okha ku Nsungwi

Kunyumba kwanga ku Nsungwi, ku Area 25, ndimasunga mwana wa mlongo wanga amene akuphunzira za udokotala pa sukulu ina mu Lilongwe muno. Ali chaka chachiwiri chabe, koma maneba anamukweza kale udindo. Akamatsika minibasi madzulo mumangomva, "Mwaswera bwanji adokotala?"

Mwezi wathawu mnyamatayu anayamba kutentha thupi. Nditamuuza kuti akayezetse kuchipatala anandiseka. "Amalume, awa ndi malungo, tinaphunzira kale. Ndikaime pa mzere chifukwa chiyani?" Anabwera ndi LA, amoxicillin ndi Panado m'thumba la malaya. Anamwa masiku awiri, atapezako bwino nasiya. Sabata isanathe tinali titamunyamula usiku, akunjenjemera. Atamuyeza magazi, malungo sanapezeke. Inali taifodi.

Ine sindine wa zachipatala, koma izi ndikuzidziwa. LA munthu wamkulu amamwa mibulu 24 m'masiku atatu, inayi m'mawa inayi madzulo, ndipo amayenera kumwa akayezedwa. Kuyezako ndi kadontho ka magazi pa chala, mphindi 20 zisanathe zotsatira zatuluka. Amoxicillin ndi wolemberedwa ndi dokotala, ndipo bungwe la PMRA ndi limene limayang'anira malamulo a kagulitsidwe ka mankhwala otere. Panado amene timamutafuna ngati chiwayayu, ukapyola mibulu 8 pa tsiku amaononga chiwindi. Zonsezi mnyamatayu amazidziwa kuposa ine, anazilemba ndithu pa mayeso.

Tsono vuto nchiyani? Nditamufunsa ali pa bedi anati anzake ambiri amatero. Nthawi ya mayeso palibe amene afuna kutaya tsiku, ndiye amagawana mankhwala m'mahositelo ngati mchere. China, ndikuona ine, ndi manyazi. Munthu wovala gauni yoyera akakhale pa benchi limodzi ndi odwala?

A Malawi anzanga, tisaiwale msanga. Chloroquine tinkamugula pa golosale iliyonse, mpaka tizilombo ta malungo tinasiya kumumva. Mu 1993 Malawi linakhala dziko loyamba mu Africa kumuchotsa nkuika Fansidar. Fansidar naye anatha mphamvu, ndipo mu 2007 tinasamukira ku LA. Kafukufuku wa ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, wa zaka za 1998 mpaka 2016, anaonetsanso kuti tizilombo tambiri tolowa m'magazi tasiya kumva mankhwala amene kale ankatipha. Kumwa mankhwala osayezetsa, kapena kusiyira panjira, kumathandizira zimenezi.

Chimene chikundisowetsa tulo si mwana wa mlongo wangayu ayi, iye anachira. Ndi mayi wina woyandikana nafe amene anabwera dzana ali ndi khanda kumsana, atanyamula makapusozi otsala m'kapepala. Anati akufuna adokotala amuuze angati ampatse mwanayo. Mnyamata uja anayang'ana pansi kanthawi, kenaka anavala nsapato nawaperekeza ku chipatala.