Buku lakale m'bokosi la agogo: yambani mwaona chaka

ENTRE LAGOS — Kuno kumalire pepala silitayidwa. Timakulungira matemba a ku Chiuta ndi Chirua, ena amapichirira fodya. Koma mabuku ena amene akuthera kumsika ndi omwe akusakidwa ndi ogula mabuku akale ku London ndi Lisboa.

Chitsanzo chili m'chigawo chathu chomwechi cha Niassa. Wansembe Yohanna Abdallah wa ku Unango analemba mbiri ya Ayao, Chiikala cha Wayao, ndipo inasindikizidwa ku Zomba mu 1919. Mu 1973 a Frank Cass anaisindikizanso ku London. Nkhani yake ndi yomweyo, koma wogula amalondola la 1919, chifukwa ndilo loyamba kutuluka ndipo otsala ndi owerengeka. N'chimodzimodzi ndi dikishonale ya Chimang'anja ya David Clement Scott ya 1892, ndi Nthondo, buku la Samuel Ntara la 1933.

Tsono kukalamba kokha si mtengo. Buku Lopatulika linatuluka lathunthu mu 1922, koma lakhala likusindikizidwa kambirimbiri. Baibulo la agogo lingade bwanji ndi utsi, kawirikawiri limakhala la pambuyo. Tsegulani tsamba la mutu ndi kuseri kwake. Mukaona mawu akuti "reprinted", "second edition" kapena "2ª edição", dziwani kuti si loyamba.

Kenaka wogula amayesa thupi la bukulo. Pa Chingerezi amaika magiredi: Fine ndi looneka ngati latsopano, kutsika ku Very Good, Good, Fair, mpaka Poor, lomwe langotsala kuwerenga basi. Amawerenga masamba limodzilimodzi, amayang'ana mapu ndi zithunzi ngati zilipo zonse, amanunkhiza ngati linalowa chinyezi. Apa ndi pamene ambiri a ife timagwera. Mabuku amene anathawa nafe nkhondo kupita ku Malawi, n'kubwerera pambuyo pa mtendere wa 1992, anakumana ndi mvula, mbewa ndi chiswe. Tsamba limodzi likasowa, mtengo umagwa kwambiri.

Musalikonze nokha. Selotepi imasiya banga losachoka, ndipo phala la chinangwa limaitana mphemvu. Chikuto chong'ambika chisiyeni momwemo. Dzina la mwini wake lolembedwa mkati musafufute: ngati anali mphunzitsi kapena wansembe wodziwika, dzinalo limawonjezera mtengo. Likulungeni m'nsalu youma, muike pamwamba, kutali ndi khoma.

Wina akatsika sitima n'kutchula mtengo pomwepo, musathamangire. Jambulani tsamba la mutu pa foni, mufunse anthu awiri kapena atatu. Ku Maputo kuli Arquivo Histórico de Moçambique, ku Blantyre kuli laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House. Kumbukiraninso kuti lamulo nambala 10/88 limateteza chuma cha chikhalidwe cha dziko, kuphatikizapo mabuku osowa, choncho funsani ku ofesi ya zachikhalidwe ku Mecanhelas buku lisanawoloke kupita ku Nayuchi.