Kodi Mayi Wokwatiwa Kwao Nkuti?

Munthu akakufunsani kuti, "Kwanu nkuti?" simuchedwa kuyankha. Mumatchula mudzi, mfumu ndi boma. Koma pa bwalo la milandu funso lomweli limalemera, makamaka pamene mwamuna ali dziko lina, mkazi dziko lina. Dziko lililonse lili ndi malamulo akeake a ukwati, chisudzulo ndi chuma cha masiye. Tsono oweruza asanayambe mlandu wotere amayamba adzifunsa: Kodi bwalo lino lili ndi mphamvu pa anthu awa? Nanga titsata lamulo la dziko liti? Pali chigawo cha malamulo chimene ntchito yake ndi kuyankha mafunso awiriwa, ndipo nachonso chimasintha popita kwa nthawi.

Titenge chitsanzo cha ku Britain, popeza malamulo a ku England anayamba kugwira ntchito kuno kwathu mu 1902. Mabwalo a kumeneko, pofuna kudziwa kwao kwa munthu, amayang'ana dziko limene iye wakhazikika ndi mtima wosachokanso. Pa Chingerezi amati domicile. Kale lamulo linkati mkazi akakwatiwa alibenso kwao kwa iye yekha: kumene mwamuna wakhazikika, mkazi amawerengedwa wa komweko, ngakhale asanapondeko phazi. Kwa ife amene tinakulira m'midzi ya chikamwini, kumene mwamuna ndiye amatsata mkazi, izi nzodabwitsa ndithu.

Taonani zimene zinachitikira mayi wina wa ku Aberdeen, m'dziko la Scotland. Mwamuna wake anapita ku Queensland, ku Australia, natchona, nakwatira mkazi wina ukwati woyamba usanathe. Mayiyo anakhalabe ku Scotland mpaka anamwalira mu 1915. Pamene panabuka mlandu wa msonkho wa chuma chimene anasiya, bwalo lalikulu la House of Lords linagamula kuti pa lamulo mayiyo anamwalira ali wa ku Queensland, dziko limene sanalionepo ndi maso.

Chowawa china chinali pa chisudzulo. Mu 1895, pa mlandu wa Le Mesurier, oweruza anakhazikitsa mfundo yakuti bwalo loyenera kuthetsa ukwati ndi la dziko limene banjalo limawerengedwa kuti ndi kwao, ndiye kuti kwa mwamuna. Motero mkazi wothawidwa ankayenera kulondola mwamuna wake kutsidya la nyanja kuti akadandaule. Ndi angati akanaipeza ndalama ya ulendo wotere?

Lamuloli silinagwe tsiku limodzi. Mu 1937 Nyumba ya Malamulo inalola mkazi wosiyidwa kudandaula ku England, ngati mwamunayo anali wa komweko asanathawe. Mu 1949 khomo linatsegukanso kwa mkazi amene wakhala m'dzikomo zaka 3. Mu 1962 woweruza wotchuka, Lord Denning, anadzudzula lamulo lakalelo kuti linali chotsalira cha ukapolo wa akazi. Potsiriza, lamulo la 1973 linalifafaniziratu, ndipo kuyambira pa 1 January 1974 mkazi wokwatiwa ku Britain ali ndi kwao kwakekwake monga munthu wamkulu aliyense.

Maiko nawonso anaona kuti aliyense akamayendera yake, ovutika ndi mabanja. Kuyambira mu 1893 nthumwi zao zakhala zikukumana mu mzinda wa The Hague, ku Netherlands, kupangana za milandu yodutsa malire. Pangano la 1980 limanena za mwana amene kholo limodzi lathawa naye kunja popanda chilolezo cha linzake: kawirikawiri abwezedwe msanga kudziko limene amakhala, kuti bwalo la kumeneko ndilo liweruze. Koma panganoli limamanga maiko okhawo amene analowamo.

Makolo anzanga, makolo athu anapita ku Joni ndi ku Salisbury, ena osabwerako. Lero ana athu akukwatira ndi kukwatiwa ku Johannesburg, Harare ndi London. Zimene malume anamva kalekale za malamulo a kumeneko mwina zinasintha, ndipo chimene chinasintha ku London sichisintha chokha ku Lilongwe. Tiwalangize anawa kuti asunge bwino kalata ya ukwati, alembe wilo, ndiponso afunse odziwa malamulo a maiko onse awiri mtendere ukadalipo m'nyumba. Safunsa anadya phula.